Kodi Dzira ndi Uci Nza Yani?

Pa makomo ambiri a dziko lathu pali nkhuku, ndipo pa ena mwini mudzi wapacika mng'oma wa njuci mu mtengo kuseri kwa dimba. Tikamfunsa munthu wotere kuti, Nza yani izi? iye ayankha msanga kuti, Nzanga. Mau amenewa sitiwatsutsa ai. Komatu tifuna kufunsa ngati m'mau akuti "zanga" muli ufulu wa kutenga wokha, kapena mulinso mangawa. Pakuti dzira sanaliumbe ndiye, ndipo uci sanautape m'maluwa ndiye.

Tiyambe ndi nkhuku. Makolo ace a nkhuku anali mbalame za m'nkhalango za ku Asia, zodzifunira zokha pogona ndi pobisala. Anthu anazitenga nazikhazika pakhomo, kotero kuti lero nkhuku ithawira kwa ife pakuona mphamba, nigona pamene taiikira. Thadzi la kumudzi liikira mazira 10 kapena 15, nilifungatira masiku 21, osadya mokhuta. Tsono ife amene tinaicotsa kuchire tiri nao mangawa atatu: citele colimba, madzi abwino, ndi kuichinjiriza ku nthenda. Munthu amene asiya nkhuku zace zigone mu mtengo wa mango, zimwe madzi otsukira mbale, koma m'mawa nadza kudzatola mazira, ameneyo sali kuweta. Alikukolola pamene sanalime. Akulu anati, Walira mvula walira matope.

Njuci ziri ndi mkhalidwe wina. Izo sizizolowera munthu monga icita nkhuku. Mng'oma wokha ndiwo wathu, ndipo zikhalamo pokha pamene ziwakomera. Mfumukazi yao itha kuikira mazira oposa 1,000 tsiku limodzi, koma njuci ya nchito ikhala ndi moyo ngati masabata 6 okha m'nyengo ya maluwa, ndipo uci wa moyo wace wonse sudzaza ngakhale kasupuni ka tiyi. Taganizani tsono za munthu wakudza usiku ndi muuni wa udzu, naocha njuci, nazula zisa zonse, za uci ndi za ana zomwe. Ici ndico cicita ciuli, cirombo cija cakuswa ming'oma. Koma ciuli ciribe nzeru ya kuganizira caka ca mawa. Njuci zotsala zisamuka, ndipo mwini wace ayamba kudandaula kuti mng'oma wace ngwa tsoka. Wina asenda khungwa la mombo kapena mtondo kuzungulira thunthu lonse kuti apange mng'oma, mtengowo nuuma; ndiye kuti wamangira njuci nyumba mwa kupha munda wao.

Njira yabwino iripo. M'caka ca 1851 L. L. Langstroth, mbusa wa ku America, anazindikira kuti njuci zisiya kampata ka mamilimita 6 kufikira 9 pakati pa zisa kuti zipitemo, ndipo sizikatseka. Napanga mng'oma umene zisa zace zicotseka cimodzi cimodzi. Ming'oma ya matabwa yokhala ndi timitengo pamwamba itsata nzeru yomweyo: mlimi afukiza utsi pang'ono, natenga zisa zakupsa, nasiya za ana pamodzi ndi uci wokwanira kudya njuci m'nyengo yosowa maluwa.

Apa wina adzati, Zonsezi nza nzeru cabe, si za cilungamo. Wosiya uci ausiya kuti adzafule wambiri caka ca mawa. Wosamala nkhuku azisamala cifukwa ca mimba yace. Mau awa ali ndi mphamvu, ndipo tibvomereza kuti masiku ambiri phindu ndi cilungamo ziyenda njira imodzi. Koma liripo tsiku limene zipatukana, ndipo pamenepo mpomwe mtima wa woweta uonekera.

Tsikulo ndilo la citopa. Nthenda imeneyi asing'anga a ziweto anaizindikira m'caka ca 1926 ku Java ndi ku Newcastle, m'dziko la England, ndipo kwathu kuno isautsa makamaka m'malimwe. Ikalowa m'mudzi wa nkhuku zosalandira katemera, itha kuzipsereza pafupifupi zonse m'masabata owerengeka. Katemera alipo, wochedwa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi 4 iri yonse. Koma onani munthu amene sanatemere zace: m'mawa aona ziwiri zagwetsa mapiko, zirikuwodzera. Phindu limuuza kuti, Manga zotsalazo, thamanga nazo kumsika zisanaoneke kudwala. Akatero apulumutsa ndalama zace ndithu, koma wanyamula imfa kunka nayo ku citele ca mai wamasiye, amene nkhuku zace zisanu ndizo sopo, mcere ndi makope a ana ace. Woweta amene asamala cifukwa ca phindu lokha adzapita kumsika. Iye amene adziwa kuti kuweta ndiko kusenza mangawa adzatsekera nkhuku zace, nadzakwirira zakufa m'dzenje lakuya, nadzacenjeza anansi ace, angakhale ataya nazo cuma.

Sitinyoza waumphawi amene njala imkankha. Tidziwa kuti nkovuta kuganizira mnansi pamene mwana alikulira m'nyumba. Cifukwa cace mlandu suli pa iye yekha. Mudzi umene utemera nkhuku zace pamodzi, numgawira mbeu ya nkhuku iye amene zace zatha, ucotsa yeso limeneli pamaso pa wosauka.

Ndipo tikayang'anitsa, mnansi ali nalo gawo kale m'ziweto zathu. Nkhuku sidziwa malire. Ipalasa pa mtondo wa eni ace nitola misere yao. Njuci ziuluka makilomita awiri kapena atatu, nizitapa m'maluwa a minda ya anthu onse. Ndipo pakutero zinyamula ufa wa maluwa umene ubalitsa maungu, mpendadzuwa ndi mango. Izo zitenga ndi kubweza pa ulendo umodzi. Kodi ife tidzacepa kwa kacirombo kotere? Tipacike mng'oma kutali ndi njira ya kumadzi ndi pabwalo posewera ana. Titsekere nkhuku pamene mnansi wabzala kumene. Ndipo tsiku lakufula uci, kambale kapite ku nyumba ya pafupi. Kupatsa nkuika.

Kudya dzira sikulakwa, kapena kuphera mlendo tambala, kapena kugulitsa uci kuti mwana apite kusukulu; ziweto tiziweta cifukwa ca zimenezi. Koma yankho la funso lathu ndi ili: dzira ndi uci nza iye amene wabweza mangawa ace kwa ciweto ndi kwa mnansi. Owerenga athu, malimwe asanafike, funsani kumene kupezeka katemera, ndipo pakufula uci siyani zisa za ana.