Galu wosowa mwini ndi mlandu wa tonse

M'misika ndi m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu simusowa agalu owonda, amphere ndi nkhupakupa, ofunafuna chakudya kudzala. Wina akagundidwa ndi galimoto, anthu amamulambalala, ndipo munthu amene waima kuti amupatse madzi kapena kumuchotsa pamsewu amasekedwa kuti wasowa chochita. Funso n'lakuti: kodi pamaso pa Mulungu tili ndi ngongole kwa nyama yotere? Ine ndikuti tili nayo, ndipo ngongoleyo siyenera kugwera munthu mmodzi wachifundo, ena tonse titapinda manja.

Tiyambe ndi kumene galuyo wachokera. Galu si nyama yakutchire. Makolo athu anamuweta kuti azisaka naye ndi kulondera pakhomo, ndipo lero moyo wake wonse umadalira munthu. Agalu ambiri amene timawaona akuyendayenda ali ndi khomo limene anachokera: ena amamasulidwa kuti akadzipezere okha chakudya, ena anatayidwa atakalamba, ena ndi tiana tobadwa popanda wotifuna. Choncho kuvutika kwawo si tsoka logwa lokha ayi, ndi chipatso cha zochita zathu. Amene anaweta nyama kuti imutumikire sangaikane tsiku limene yadwala.

Zipembedzo zathu sizinakhale chete pankhaniyi. Buku la Miyambo, mutu 12, limazindikira munthu wolungama poona mmene amasamalira chiweto chake. Buku la Yona limatha ndi Mulungu akuwerengera ziweto za ku Nineve pamodzi ndi anthu a mumzindamo pofotokoza chifukwa chimene sanauwonongere. Asilamu nawo amasunga hadisi ya munthu amene anatunga madzi pachitsime ndi nsapato yake n'kumwetsa galu waludzu, ndipo Mulungu anamukhululukira machimo. Ziphunzitso zonsezi zikugwirizana pamfundo imodzi: chifundo chimaoneka bwino pamene chachitiridwa cholengedwa chimene sichingabweze kanthu.

Ena anganene kuti m'dziko limene ana akugona ndi njala, kudandaula za agalu ndi mwano kwa osauka. Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake, ndipo munthu ayenera kukhala patsogolo nthawi zonse. Koma pankhani ya agalu, kusamalira nyama ndi kuteteza mwana ndi ntchito imodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse omwalira, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ndi chiwewe pachipatala cha Queen Elizabeth anachepa kwambiri. Amene anagwira agalu aja n'kuwabaya jakisoni anapulumutsa ana a anthu osauka omwewo.

Enanso anganene kuti njira yachidule ndi kungowapha onse. Njirayi yayesedwa m'maiko ambiri ndipo siithetsa chiwewe. Agalu akaphedwa pamalo pamene pali chakudya chotayidwa, ena osabayidwa amabwera kudzalowa m'malo mwawo, ndipo mwa ophedwawo mumakhalanso amene anali atalandira kale katemera. Akatswiri amati chiwewe chimasiya kufala ngati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera abayidwa, ndipo kufula aamuna ndi kutseketsa aakazi kumachepetsa tiana totayidwa. Galu amene wayamba kale chiwewe sachira, ndipo kumupha mosamuzunza ndi chifundo kwa iye ndi kwa mudzi. Koma kugenda galu aliyense wongodutsa ndi nkhanza zopanda phindu, ndipo ana oonerera amaphunzirapo kuti chofooka n'choyenera kuponderezedwa.

Tsopano tibwere kwa munthu uja amene waima pamsewu. M'fanizo la Msamariya wachifundo, pa Luka mutu 10, timakonda kuiwala mwini nyumba ya alendo. Msamariya anamanga mabala n'kunyamula wovulalayo, koma panafunika wina womulandira ndi kumusamalira masiku otsatira. Chifundo cha wodutsa chimafera panjira ngati palibe pokatula. Mutu umodzi susenza denga. Munthu amene watola galu wothyoka mwendo amafunika womubwereka njinga kapena galimoto, womuuza kumene kuli dokotala wa ziweto, ndi womuthandiza ndalama ya mankhwala. Mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre alipo chifukwa cha ntchito imeneyi, koma sangafike m'mudzi uliwonse.

N'zoona kuti wothandizayo angalumidwe, chifukwa galu womva ululu amaluma ngakhale womufunira zabwino. Yankho lake si kumuletsa chifundo, koma kumupatsa nzeru. Asagwire ndi manja galu wochita thovu kukamwa kapena wolusa mwachilendo, koma aitane alangizi a ziweto. Akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera, pakuti zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka, mankhwala palibe.

Abusa, mashehe ndi mafumu ali ndi mawu amene anthu amawamvera. Alengeze masiku a katemera wa agalu m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'misonkhano ya m'mudzi, makamaka poyandikira 28 September, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse. Inu amene muli ndi galu, m'dyetseni, m'bayitseni chaka chilichonse, ndipo musamutaye. Inu amene mulibe, mukaona mnzanu waima pambali pa galu wovulala, musamuseke. Mufunseni chimene akusowa ndipo mumuthandize.