Mnzathu wa Tsidya Linalo

Lolemba m'mawa wailesi imatiuza momwe Silver Strikers yachitira, zigoli zimene Maule ndi Manoma apatsana, ndi timu imene yakwera kapena kutsika pa ndandanda wa ligi. Koma masewero ambiri amene achitika mu Lilongwe Loweruka ndi Lamulungu salowa m'nkhani zimenezo. Pabwalo la sukulu ku Kawale anyamata a kufupi ndi msika amakhala atakumana ndi anzawo a kumunsi kwa mtsinje. Ku Chinsapo amayi a mpingo wina aponyerana mpira wamanja ndi amayi a mpingo woyandikana nawo, fumbi lili koboo. Ku Area 25 madoda athamanga m'mamawa dzuwa lisanawawe, ena atavala jezi, ena malaya wamba. Ku Biwi bawo yapansi pa mtengo yatha anthu akuvutika kuona nkhomo chifukwa cha mdima. Zotsatira za masewero amenewa zimayenda pakamwa, m'minibasi, kuchigayo ndi potunga madzi, ndipo pofika Lachitatu palibenso akuzitchula. Ine amenewa ndiwo amandikhala pamtima, ndipo nthawi zambiri ndimadzifunsa chimene chimawasunga amoyo pomwe palibe amene amalipidwa nawo.

Yankho linayamba kundionekera nditawerenga za masewero ena akutali kwambiri ndi ife, amene pano sitinawaonepo. Ndi tenesi yakale, imene Angelezi amaitcha real tennis, kholo la tenesi imene imaseweredwa ku Wimbledon ndiponso pamabwalo a ku Lilongwe Golf Club. Inayambira ku France zaka mazana ambiri zapitazo, anthu akumenya mpira ndi chikhatho, ndipo chomenyera chinabwera pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1500. Mafumu ankaikonda. Henry VIII ankasewera ku Hampton Court pafupi ndi London, ndipo ku Falkland m'dziko la Scotland kuli bwalo limene anayamba kumanga mu 1539 lomwe anthu akusewerapobe mpaka lero. Bwalo lake lili ngati chipinda chachikulu cha makoma ataliatali, chokhala ndi timadenga totsetsereka mbali zitatu. Mpira umaloledwa kugunda khoma ndi kuyenda pamwamba pa kadengako usanatsike, ndipo mbali ziwiri za ukonde sizifanana mamangidwe. Tenesi ya pakapinga itatchuka m'zaka za m'ma 1870, yakaleyi inatsalira m'manja mwa anthu ochepa. Lero mabwalo ake ndi pafupifupi 50 pa dziko lonse, m'maiko anayi okha: Britain, France, Australia ndi United States.

Masewerowa ali nawo akatswiri awo. Mpikisano wopeza katswiri wa dziko lonse unayamba mu 1740, ndipo Robert Fahey wa ku Hobart, pachilumba cha Tasmania, anasunga ulemu umenewo kuyambira 1994 mpaka 2016 pamene anagonja kwa Camden Riviere wa ku United States. Komabe akatswiri otere ndi owerengeka. Amene amadzaza mabwalowo sabata ndi sabata ndi aphunzitsi, madokotala, ophunzira ndi anthu opuma pantchito, amene amabwera ataweruka, kusewera ola limodzi, n'kulemba zotsatira zawo. Zikho zimene amalimbirana sizimveka kunja kwa kalabu yawo. Pamenepo ndinaona kuti anthu amenewa, ngakhale chuma chawo ndi chathu n'zotalikirana, ali ndi kanthu kofanana ndi anyamata a ku Mgona muno mu Lilongwe.

Choyamba ndi mpira. Mpira wa tenesi yakale amaupanga ndi manja pakalabu pomwepo. Pakati amaika zinyenyeswa za chitsekerero cha botolo, n'kuzikulunga ndi nsalu yong'amba motalika, kumanga ndi chingwe molimba mpaka uzungulire bwino, kenako kusokerera chikuto chaubweya ndi singano. Chikutocho chikaperepeseka amachichotsa n'kusoka china, koma zam'kati zimakhala zaka. Aliyense amene anakulira m'makwalala a Area 23 akumva kale zimene ndikunena, chifukwa chikulunga chimapangidwa ndi nzeru yomweyo: majumbo pakati, linya kapena malegeni kunja, ndi mwana mmodzi wodziwa kumanga mfundo zosamasuka. Mwana ameneyo kawirikawiri sakhala wogoletsa zigoli, koma akadwala tsiku limenelo mpira kulibe. Masewero a anthu wamba amaima pa anthu otere: wowaza phulusa kuti mizere ioneke, mayi wochapa yunifolomu ya timu yonse, bambo wovomera kuimbira mpira akudziwa kuti mbali imodzi imunena.

Chachiwiri ndicho chandigwira mtima kwambiri. Pa tenesi yakale wosewera aliyense ali ndi nambala yosonyeza mphamvu zake, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti munthuyo ndi katswiri. Anthu awiri osiyana mphamvu akakumana, kusiyana kwa manambala awo kumanena poyambira. Wofooka akhoza kuyamba chigawo chilichonse ali kale ndi 15, kapena wamphamvu amayamba ndi ngongole imene ayenera kubweza asanayambe kuwerenga zake. Kusiyana kukakhala kwakukulu, wamphamvu amapatsidwa mwayi umodzi wokha woyambitsa mpira m'malo mwa iwiri, ndipo amaletsedwa kumenyetsa mpira pa mbali ina ya khoma imene imasokoneza kwambiri. Akamaliza zotsatira zimalembedwa, manambala n'kusuntha pang'ono. Motero gogo wa imvi akhoza kukumana ndi mnyamata wa ku yunivesite mu ndime yomaliza ya chikho cha kalabu, onse awiri n'kutuluka thukuta lenileni, osadziwa amene apambane mpaka mpira womaliza.

Wina anganene kuti kumeneko n'kulanga waluso chifukwa cha luso lake. Ine ndikuona kuti anthu amenewa anazindikira msanga kuti ndi ochepa, ndipo sangakwanitse kutaya ngakhale mmodzi. Mukamugonjetsa mnzanu mochititsa manyazi sabata iliyonse, tsiku lina sabweranso, ndipo inu ndi luso lanu lonse mudzaima nokha m'bwalo. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Pamasewero mawu amenewa alibe chophiphiritsa: popanda munthu tsidya linalo palibe chimene mungachite ndi mpira. Amene mukulimbana naye ndi amene wakupatsani tsikulo. Wasiya ntchito zake, wayenda mtunda, wabwera ndi mphamvu zake zonse kuti inu muyese zanu.

Ana athu amadziwa zimenezi popanda wowaphunzitsa. Onani akamagawana matimu pamsewu wafumbi: awiri odziwa kwambiri saloledwa kukhala mbali imodzi, amasankha mosinthana mmodzimmodzi mpaka wamng'ono kwambiri naye wapeza mbali. Zigoli zikachuluka mbali imodzi, amaimitsa mpira n'kusinthanitsa osewera, kapena kupatsa ofookawo munthu woonjezera. Palibe mwana amene amaona kuti wabedwa. Chimene akufuna n'chakuti mpira ukome ndi kuti mawa onse abwerenso. Pabawo napo ndaonapo mkulu wodziwa kuwerenga maenje onse 32 m'mutu akumusiya mnyamata kuti abweze dzanja lake n'kuganizanso, chifukwa kudya nkhomo za munthu amene sanaone msampha sikumupatsa mkuluyo chimwemwe chilichonse. Akufuna kuti chaka chamawa mnyamatayo adzamuvutitse.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti nzeru imeneyi timaitaya tikakula, makamaka ndalama zikalowapo. Nyengo ya chisankho ikayandikira zikho zimachuluka m'madera mwathu, ndipo si zoipa kuti achinyamata apeze mipira ndi yunifolomu. Koma ndaonapo timu ya m'dera, imene yakhala ikuyeserera limodzi chaka chonse, ikusiya panja anyamata ake patsiku la bonanza n'kulowetsa aganyu ochokera kutali amene sadziwa ngakhale maina a anzawo. Ndaonapo abambo a ndevu zometa m'mawa womwewo akusewera m'chikho cha ana. Ndaonapo woimbira mpira akuthawa miyala chifukwa cha penate imodzi. Timu yotero ikhoza kutenga chikho, koma mnyamata amene anakhala panja uja sabweranso kokonzekera Lachiwiri, ndipo timu yogonjetsedwa mwachinyengo sidzavomeranso kuitanidwa. Chikho chimakakhala pa kabati m'nyumba ya munthu mmodzi, dera lonse litaluza masewero a miyezi yotsatira.

Tikafuna kuteteza masewero a m'makwalala timakonda kutchula amene anachokeramo n'kufika patali. Mwawi Kumwenda anayamba mpira wamanja kumudzi ku Mzimba ndi mpira wa mapulasitiki, ndipo mu 2015 ku Sydney anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa chikho cha dziko lonse. Tabitha Chawinga anachoka ku Rumphi ali mtsikana wamng'ono kudzasewera mu DD Sunshine muno mu Lilongwe asanapite ku Sweden. Timanyadira, ndipo n'koyenera. Koma ndimaopa kuti tikamangonena zimenezi, timakhala ngati tikuti bwalo la ku Kawale lili ndi phindu pokhapokha likatulutsa katswiri. Nanga mazana enawo amene sadzakwera ndege? Kalipentala amene wakhala sabata yonse akupala matabwa, Lamulungu n'kugwira penate pamaso pa ana ake, walandira kale chimene anadzera. Mayi wogulitsa tomato amene kwa ola limodzi anthu amamuitana ndi dzina lake lenileni, akumuchemerera chifukwa cha dzanja lake losaphonya, sakudikira kuti wina adzamuone. Masewerowo ndi ake lero lomwe.

M'matauni muno tinabwera kuchokera kosiyanasiyana. Lilongwe itakhala likulu mu 1975, anthu a ku Mzimba, ku Mulanje, ku Mangochi ndi ku Ntchisi anapezana m'mapoloti oyandikana, opanda mfumu imodzi ya kwawo, opanda gule mmodzi wowasonkhanitsa. Timakumana pamaliro, kutchalitchi ndi kumzikiti, koma pamaliro timabwera ndi chisoni, ndipo kopemphera aliyense amapita kwake. Bwalo la masewero ndi amodzi mwa malo ochepa pamene mwini nyumba ndi wochita lendi, Mkhristu ndi Msilamu, wapantchito ndi wofunafuna ntchito amaima pamzere umodzi n'kumvera wezulo imodzi. Kumeneko munthu amaphunzira kugonja popanda kudana ndi womugonjetsa, ndi kupambana akudziwa kuti mawa akwera naye minibasi imodzi. Sindidziwa sukulu ina imene imaphunzitsa zimenezi kwa anthu ambiri chotere popanda fizi.

N'chifukwa chake nkhani ya malo imandidetsa nkhawa. Mzinda wathu uli ndi Bingu National Stadium imene inatsegulidwa mu 2017, ndipo mu December 2022 tinalandira achinyamata a maiko a kum'mwera kwa Africa pa masewero a Region 5. Zimenezi n'zabwino, koma mwana wa ku Mgona sangapite kumeneko madzulo aliwonse. Iye akufuna kachigawo kafulati kofikako wapansi. Tizigawo totere tikutha mwakachetechete: apa pamera maziko a nyumba, apo pamangidwa mpanda, pena pasanduka poimika magalimoto kapena potaya zinyalala. Mbiri ya tenesi yakale ili ndi chenjezo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 mumzinda wa Paris munali mabwalo ake mazana. M'kupita kwa nthawi ambiri anasandutsidwa nyumba za zisudzo ndi mosungira katundu, ndipo lero France yense watsala ndi owerengeka pa zala. Panalibe tsiku limodzi limene anthu anagwirizana kuti masewerowo athe. Bwalo lililonse linkatayika palokha, pa chifukwa chooneka chomveka, mpaka ana anakula osadziwa kuti kunali masewero otero. Kumene atsalako, ndi chifukwa chakuti kagulu ka anthu kanakana kugulitsa, kanasonkha ndalama zofolera denga, n'kumabwerabe kudzasewera.

Sindikulakalaka kuti timange makoma a tenesi yakale ku Chinsapo. Ndikulakalaka zinthu zazing'ono zimene tingathe. Komiti ya dera ikamakambirana za malo, wina aimirire n'kunena kuti bwalo ili ndi la ana ndipo silikhudzidwa. Matimu a m'dera akhale ndi kope limodzi lolembamo maina a osewera ndi zotsatira za masewero, kuti aganyu asamalowe mwakabisira, komanso kuti mdzukulu adzapeze dzina la agogo ake pa tsiku limene anagoletsa. Okonza zikho aganizire magulu a ofooka, a achikulire ndi a atsikana, kuti timu yogonja pa masewero oyamba isangobwerera kunyumba chikho chisanatenthe. Ndipo ife ochemerera tiphunzire kuombera m'manja alendo amene abwera kudzatiyesa, ngakhale atatigonjetsa pakhomo pathu.

Ndikamaganiza za masewero abwino amene ndinaonerapo m'makwalala muno, zigoli zake zambiri zinandichoka m'mutu. Chimene ndimakumbukira n'chakuti atatha, mbali zonse ziwiri zinapangana tsiku lokumananso. Mpikisano wa anthu wamba ndimauyesa ndi muyeso umenewo: ngati wogonja wachoka ali ndi mtima wofuna kubweranso, okonza agwira ntchito yawo, ndipo wopambana wapambana moyenera.