Kodi Munthu Wokhuta Ayenera Kugwira Nyundo?

Abale, pali kanthu kamene kayamba kuoneka kuno kwathu kunyanja, ndipo tayesa kuti nkoyenera kukambirana pamodzi. Tiona anthu ena okhala ndi pogwira pawo, wina mphunzitsi, wina kalaliki wa pa boma, wina wopuma ntchito, alikupita kuchipala kwa osula tsiku Loweruka, napempha kuti aphunzitsidwe kusula. Safuna kudyera nyundoyo iyayi, pakuti nsima ali nayo kale. Afuna kudziwa chabe, ndi kukondwera ndi ntchito ya manja awo. Kutsidya kwa nyanja yamchere khalidwe ili linayamba kale. Ku America anakhazikitsa bungwe la osula m'chaka cha 1973, ndi ku Britain m'chaka cha 1978, ndipo ambiri a m'mabungwemo asula madzulo ataweruka ku ntchito zina.

Tamva milandu iwiri yoneneza anthu otere. Woyamba ngwa anzawo ophunzira, amene ati, Munthu wa sukulu adzipakiranji mwaye? Umenewu sititaya nawo nthawi, pakuti wonenayo anakula ndi nsima ya khasu. Koma wachiwiri ngwolemera, ndipo uchokera kwa osula eni ake. Iwo ati, Chimene ife tichigwira ndi njala, awa achiyesa masewera. Ife nkhwangwa zikapanda kugulidwa pamsika, ana agona osadya; iwo akaononga chitsulo angoseka, nabwerera kwawo kukasamba. Kodi nkwabwino kuti wokhuta asewere ndi chimene mnzake adya nacho?

Tiyambe taona ngati ali masewera ndithu. Wolowa m'chipala tsiku loyamba sapatsidwa nyundo. Amuika pa mvukuto. Mvukuto wa makolo unali wa chikopa cha mbuzi, ndipo lero ambiri azunguza gudumu la njinga lokankha mphepo m'chitoliro, koma phunziro ndi lomwelo, ndilo kudziwa moto. Akavukuta mwaulesi chitsulo sichipsa. Akavukuta mwaukali makala atha msanga, chitsulo chiyamba kuthetheka, ndipo pochitulutsa apeza kuti nsonga yanyeka. Chipala chikhala pamthunzi chifukwa wosula ayesa kutentha ndi maso, ndipo padzuwa maso anyengedwa. Chitsulo chikafiira pang'ono ngati khala lofuna kuzima, chili pa madigiri ngati 700, ndipo chikali chouma mtima. Chikawala ngati dzuwa lotuluka panyanja m'mawa, chafika pafupi ndi 1,000, ndiyo nthawi yomenya. Wosula wa m'mudzi sadziwa mawerengero amenewa, koma saphonya. Ndipo pali zina zimene munthu aphunzira ndi khungu lake ngati sanafunse: kuti chitsulo chakuda chogona pansi chikhoza kukhala chamoto, ndi kuti paipi ya madzi yokutidwa ndi zinki ikaikidwa pamoto itulutsa utsi woyera wogonetsa munthu ndi malungo usiku womwewo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pofika tsiku logwira nyundo, ntchito yake yoyamba ndiyo kusongola msomali. Amenye, atembenuze, amenyenso, ndipo asanathe kuganiza chitsulo chazizira. Msomali utuluka wokhota, wophwatalala mbali imodzi. Pamenepo taonani chodabwitsa. Munthu amene ana a sukulu amuimirira akalowa m'kalasi ali chiwewe pa fumbi, thukuta lili kamukamu, ndipo nkhalamba imene kapena sidziwa kulemba dzina lake iyang'ana msomaliwo niti, Aphunzitsi, bwezerani pamoto. Ndipo iye abwezera, nati, Zikomo bambo. M'dziko muno malo ali owerengeka kumene wophunzira ndi wosaphunzira asinthana mipando chotero, ndipo chitsulo sichikondera, sichifewa chifukwa wochimenya ali ndi satifiketi. Munthu wofuna masewera chabe sabwera Loweruka lachitatu.

Koma kunena kuti ntchitoyo ndi yowawa sikuyankha mlandu wa osula. Tiyenera kufunsa ngati kubwera kwa wokhutayo kuli ndi phindu kwa wina aliyense koposa iye mwini, ndipo apa tikumbuke zimene zinachitikira ng'anjo.

Makolo athu sanali osula okha, analinso oyenga chitsulo kuchokera m'miyala. Ofukula zakale apeza kuti anthu a dziko lino anayenga chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. David Livingstone poyenda pakati pa Amang'anja m'chaka cha 1859 anaona ng'anjo ndi osula m'midzi yambiri. Ku Kasungu, kuseri kwa mapiri a kumadzulo kwathu, kunali ng'anjo zoumba ndi dothi, zazitali kuposa munthu, zokoka mphepo zokha popanda mvukuto, ndipo mabwinja ake alipo m'nkhalango ya Kasungu kufikira lero. Cha m'ma 1930 ng'anjo zimenezo zinazima, popeza makasu a m'sitolo ndi zitsulo zakutha zinayamba kupezeka mosavuta. Nzeru yosankha mwala, youmba ng'anjo ndi yoyala makala inali m'maso ndi m'manja a nkhalamba, ndipo pamene panalibe mnyamata wokhala pambali pawo, inapita nawo kumanda. Anyamatawo sanali oipa. Anali ndi msonkho woti apereke, ndipo ng'anjo inaleka kulipira msonkho.

Chimene tiphunzirapo ndi ichi, kuti njala isunga chokhacho chimene chigulidwa sabata lino. Wosula wa lero atenga sipuling'i ya galimoto yakufa, aidula, nasula nkhwangwa, kasemasema, mpeni, chikwakwa chomwetera mpunga wa m'madambo athu. Ayenera kutsiriza zambiri lisanafike tsiku la msika, ndipo alibe nthawi kapena makala oyesera chinthu chimene sichibweza ndalama. Ana ake aona kutopa kwake nathawira ku kabaza. Tsono zinthu zosaoneka ndi maso a wogula ndizo ziyamba kutayika, monga kulimbitsa mpeni. Chitsulo cha sipuling'i chikatenthedwa ndi kuviikidwa msanga m'madzi kapena m'mafuta chiuma kwambiri, koma chikhala chophweka kusweka ngati botolo. Chifunika kuchitenthanso pang'onopang'ono, wosula alikuyang'ana maonekedwe oyenda pa chitsulo chopalidwa: chikaoneka ngati udzu wouma, pa madigiri ngati 230, chayenera mpeni, chikafika pobiriwira ngati thambo, pafupi ndi 300, chafewa koposa. Wofulumira alumpha ntchito yachiwiriyi, ndipo nkhwangwa yake ibenthuka pa mtengo wouma, kapena alumpha zonse ziwiri, ndipo ibuntha tsiku lomwelo.

Munthu wokhuta ali ndi chimene wosula alibe, ndicho nthawi yoononga. Akhoza kufunsa nkhalamba chifukwa chake ichita chakuti, nalemba m'buku. Akhoza kuviika mipeni isanu mosiyanasiyana ndi kuithyola dala kuti aone mkati mwake. Nthawi zina abwera ndi kanthu kamene anawerenga, monga kuti maginito aleka kugwira chitsulo chikafika pa madigiri 770, ndipo chikapitirira pang'ono pamenepo ndiyo nthawi yoviika. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chifukwa chake ife sitiona cholakwa m'kuphunzira kwake. Pakadakhala anthu otere ku Kasungu m'ma 1930, kapenatu ng'anjo ina ikadayakabe.

Koma kuloledwa kulowa sikufafaniza ngongole. Mnyamata wa kale analipira maphunziro ake ndi zaka zovukuta, kutema nkhuni ndi kunyamula katundu kumsika. Wa Loweruka salipira chotero. Iye achedwetsa ntchito, atentha makala, aononga chitsulo chogulidwa ndi ndalama, ndipo wosula, pochita ulemu, sadzatchula mtengo kwa munthu amene amutcha bwana. Tsono wophunzira atchule yekha tsiku loyamba, ndipo adze ndi chitsulo chake ndi makala ake. Za makalawo asaiwale kuti thumba limodzi lidya nkhuni zolemera kasanu kapena kuposa, ndi kuti lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, lifuna chilolezo pa wootcha makala. Wosauka wotentha mtengo kuti ana adye ali ndi choyankha, ngakhale sichikwanira. Wotentha mtengo wa m'nkhalango yotetezedwa kuti asangalale Loweruka alibe choyankha konse, ndipo abzale mitengo yake asanagule nyundo yachiwiri.

Palinso funso la chimene asula. Taona kuti oyamba kumene ambiri mtima wawo uthamangira ku mpeni waukulu, kapena mkondo, zinthu zoopsa maonekedwe. Ife a ku Nkhotakota sitiyenera kuuzidwa ndi alendo kuti chitsulo chipita kumene wosula sapita. Pamene Livingstone anafika kuno m'chaka cha 1863 nakomana ndi Jumbe, anapeza chombo chilikukhomedwa choolotsera akapolo kutsidya. Misomali ya chombo chimenecho, ndi kachitsulo kotseka goli pakhosi pa munthu, zinatuluka pa nyundo ya wosula wina, wa kuno kapena wa kutali. Wosula wanjala akhoza kunena kuti anaumirizidwa, ndipo mlandu wake tiusiya. Koma wosula mwa chifuniro chake palibe womuumiriza, ndipo mnyamata wachilendo akadza nati, Ndisulireni chikwanje chachifupi chobisika m'malaya, iye ndiye ali ndi ufulu wonse wokana. Zosowa m'mudzi zilipo zambiri: mbedza yokolowekera, chogwirira mphika, nangula wa bwato, msuka wa khasu wothyoka.

Chovuta koposa zonse tachisunga pomaliza, pakuti chibisala m'kati mwa ukoma mtima. Pakapita chaka, wophunzira uja ayamba kusula mipeni yooneka bwino, mwina yoposa ya mphunzitsi wake, popeza iye atha masiku atatu pa mpeni umodzi. Ndipo posafuna ndalama, agawira abale ndi anansi kwaulere, kapena agulitsa pa mtengo wa makala okha. Anthu amutama kuti ngwopatsa, ndipo iye ayesa kuti wachita zachifundo. Koma mpeni uliwonse woperekedwa m'mudzi umenewo ndi mpeni umene wosula sadzagulitsa. Ndiponso anthu ayamba kunena pamsika kuti, Bwanji inu mutchula mtengo wotere, pamene aphunzitsi apereka chabe? Chotero munthu amene anatsegula chipala chake kwa mlendo apeza kuti mtengo wa ntchito yake watsitsidwa ndi dzanja limene iye mwini analiphunzitsa. Apa ndi pamene mawu a osula aja, akuti asewera ndi nsima yathu, akhala oona.

Sitinena kuti asapatse munthu kanthu konse. Mpeni wopatsa mlongo wake wa ku Lilongwe sulanda wosula wa ku Linga kanthu. Asulenso zimene wosulayo sasula, kapena apereke zosula zake kwa mphunzitsi wake kuti azigulitsa pamodzi ndi zake pa mtengo wa msika. Wina adzati, Nanga mayi wamasiye wa pafupi akadza ndi khasu lothyoka, alibe ndi tambala yomwe, ndimubweze kodi, ine ndili ndi moto ndi nyundo? Funso ili nlolimba, ndipo tamva anthu abwino akuliyankha mosiyana. Ife tiyesa kuti asamubweze, koma asafulumirenso kuyatsa moto wake. Atenge khasulo, apite nalo kwa nkhalamba imene inamuphunzitsa, alipire mtengo wonse wa m'thumba mwake, ndipo pamene nkhalambayo ilikusula msuka, iye akhale pa mvukuto.