Mwalawu ukuikidwira ndani?

M'masitolo ogulitsa nsomba zoweta kuno ku Ekurhuleni, kaya ku Boksburg kaya ku Benoni, simulephera kupeza thanki yolembedwa dzina la dziko lathu: Malawi. Mkatimo mumakhala mbuna, tinsomba tachikasu ndi tabuluu tija timene kwathu timakhala m'miyala ya ku Nkhata Bay, Likoma ndi Cape Maclear. Zambiri mwa mbunazi nyanja sizinaionepo, zinabadwira m'mathanki, koma khalidwe ndi lomwe lija la makolo awo. Wogula akafika nazo kunyumba ayenera kuzisanjira miyala, ndipo funso langa layambira pamenepo: mwala uliwonse ukuikidwira ndani, diso la mwini nyumba kapena nsomba?

Ambiri okonda luso limeneli amatsata Takashi Amano, katswiri wa ku Japan amene anamwalira mu 2015. Pa kasanjidwe kake kotchedwa iwagumi, miyala imakhala itatu kapena isanu, waukulu suikidwa pakati penipeni, umapendekeka pang'ono, pansi pamamera timaudzu tatifupi ngati kapinga, ndipo pamwamba pamangotsala madzi oyera mbee. Nkokongola, sindikana. Koma kasanjidweka kamaganizira munthu wokhala pampando kutsogolo kwa galasi, kuti diso lake lifike paliponse.

Mbuna imafuna zina. Yamphongo imasankha phanga, nkulilondera usana wonse, ndipo inzake ikangooneka imaithamangitsa. M'nyanja yofookayo imathawira kuseri kwa thanthwe, nkhani nkutha. M'thanki ya mita imodzi kulibe kothawira, pokhapokha wosanja ataunjika miyala mpaka m'mwamba kuti nsomba ya kumanzere isaone ya kumanja. Miyalayo iyenera kukhazikika pagalasi lapansi mchenga usanathiridwe, chifukwa mbuna zimakumba, ndipo mwala wokhala pamchenga umadzagwa. Kapinga wa Amano zimamuzula. Zomera zimene zimapirira ndi zolimba masamba monga Anubias, womangirira pamwala, ndi Vallisneria, udzu wautali umene umameranso m'Nyanja ya Malawi. Ngakhale chitsa cha tsanya, chimene m'sitolo amachitcha mopane, sichiyenera kuchuluka: chimadetsa madzi ngati tiyi ndi kutsitsa pH, pomwe madzi a m'nyanja yathu pH yake imakhala cha ku 8.

Tsono thanki yosanjidwa bwino pokomera mbuna imabisa nsomba zimene mwini wake anazigula kuti aziziona. Walipira galasi, chotenthetsera madzi m'chisanu cha mu Juni, magetsi, chakudya, ndiye azingoona mulu wa miyala? Madandaulo ake ndi omveka. Komabe ine ndikuti amene wasankha kusunga chamoyo, ufulu wake wopenya umabwera pambuyo. Nsomba sinapemphe kubwera ku Benoni. Poti khoma lagalasi wamanga ndi iyeyo, pothawira ndi ngongole yake, ndipo ayenera kuibweza ngakhale chithunzi chitaonongeka.

Pali njira ziwiri zimene oweta mbuna amalangizana zimene zimandivutitsa maganizo. Yoyamba ndi kudzaza thanki mwadala, nsomba zichuluke kwambiri moti yaukali isadziwe yoti ilimbane nayo. Yachiwiri ndi yakuti pobweretsa nsomba yatsopano, usunthe miyala yonse, kuti eni malo asokonezeke, aliyense akhale mlendo. Njira zonsezi zimathandizadi, ndewu imachepa. Koma taonani mtundu wa mtendere umenewu: palibe amene wapatsidwa malo, onse angolandidwa mofanana.

Mmalawi wokhala kuno sangamve zimenezi osakumbukira makomponi. Agogo athu amene anabwera ku Joni kudzera ku Wenela ankagona m'makomponi a migodi ngati ya ERPM ku Boksburg, amuna okhaokha odzazana m'chipinda, mabedi a simenti osanjikizana, mpanda kuzungulira ndi alonda pachipata. Womanga anaganizira diso la woyang'anira. Sindikunena kuti munthu ndi nsomba, ndipo fanizoli likakokedwa kwambiri limasanduka chipongwe kwa anthu amene anavutikawo. Ndikungoti funso la womanga ndi limodzi: kodi wokhala m'katimu ndimusiyire malo amene ine sindingamuone? Eni migodi anayankha kuti ayi.

Wina anganene kuti ngati chisoni chilipodi, thankiyo isakhalepo nkomwe. Ndende yokhala ndi mapanga ndi ndendebe. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo malonda a nsombazi ali ndi zipsera zake. Pachilumba cha Thumbi West, ku Cape Maclear, pali mbuna za mtundu wa Cynotilapia afra zimene kwawo ndi kumpoto kwa nyanja. Zinatayidwa pamenepo ndi wamalonda otumiza nsomba kunja, ndipo zinayamba kuswana ndi mbuna za pamalopo. Nsombazi zinatayidwa malowa asanakhale paki yotetezedwa mu 1980, koma zotsatira zake zidakalipo. Ngakhale zili choncho, mbuna yobadwira m'thanki ku Gauteng singabwezedwe kunyanja, ndipo kuibweza kungakhale kubwereza cholakwa cha ku Thumbi chomwecho. Ili kale m'manja mwa munthu. Chotsala ndi mmene miyala isanjidwire.

Oweta akale amanena kuti mapanga akachuluka nsomba zimalimba mtima, zimatuluka kwambiri ndipo mitundu yake imawala. Nzoona, koma sindikufuna kutsamira pamenepo, chifukwa ndiye kuti pobisala taperekabe kuti diso lathu lipindule. Mayeso enieni amabwera yaikazi ikafungatira mazira. Mbuna imawasunga m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, osadya kwenikweni, ndipo ngati pali mng'alu woti yamphongo isaipeze, imalowa m'menemo. Mwini thanki amawerenga nsomba zake madzulo, zokwana 12 apeza 11. Akhoza kupinda malaya nkuyamba kunyamula miyala kuti aione, kapena kuthira chakudya, kuzimitsa getsi, nkukagona.