Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa wopupuluma amangoona chigoba. Mwachitsanzo, ku America ndi ku Canada, ofuna kuphunzira zamalamulo amatha miyezi akukonzekera mayeso a LSAT, omwe anayamba mu 1948. Malikisi ake amayambira 120 kulekezera 180, ndipo chigawo chilichonse n'cha mphindi 35. Pokonzekera, wophunzira amazolowera kufunsa kuti: mfundo yeniyeni ndi iti, umboni wake uli pati, nanga chabisika n'chiyani?

Mayeso amatha, chizolowezicho n'kutsala. Wamalonda akanena pawailesi kuti ambiri omwa mankhwala ake achira, wophunzira uja amafunsa za amene anachira osamwa. Asanasayine pangano la lendi, amawerenga ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi. Kudekha koteroku kumateteza thumba, komanso kumaphunzitsa munthu kumvetsera mnzake asanamuweruze.