Mnzako Akapsa Ndevu M'zimire

"Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako." Akale ankatanthauza kuti tsoka silisankha munthu, ndipo amene wamuthandiza lero ndi amene adzakuwombole mawa.

Nzeru imeneyi imaoneka bwino m'sukulu zogonera konko. Pa Kamuzu Academy, imene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981, ophunzira amagawidwa m'magulu otchedwa nyumba, potengera sukulu za ku Britain. Nyumbazo zimapikisana pa masewera, ndipo wamkulu ndi wamng'ono amachemerera limodzi ngati ana a bere limodzi.

Koma ubale weniweni umayesedwa usiku, makolo ali kutali. Wa Fomu 1 malungo akamugwira, woyamba kumva kubuula ndi mnzake wa bedi loyandikana. Iyeyo ndiye amamufunditsa bulangeti n'kuthamanga kukadzutsa aphunzitsi. Shuga kapena sopo akamuthera pakati pa temu, amamugawira ndi yemweyo.

N'chifukwa chake zimandiwawa kumva kuti m'sukulu zina ophunzira akuluakulu amazunza ongofika kumene. Aphunzitsi apatse wophunzira wamkulu aliyense mng'ono woti azimusamala, ndipo mwana akadwala kapena kulira, wamkuluyo azifunsidwa kumene anali.