MTIMA WA MNZAKO NDI TSIDYA LINA

Akulu akale adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ankatanthauza kuti anthu awiri angathe kugona nyumba imodzi ndi kudyera mbale imodzi zaka 40, koma wina osadziwa cimene cili mumtima mwa mnzake kufikira mwini wake ataulula. Tsono masiku ano anthu anzeru a maiko akutali ayamba kusema bwato loolokera tsidya limenelo, ndipo nkoyenera kuti Akristu, makamaka akatekisi amene amalandira mafunso ambiri m'midzi, adziwe za bwatolo ndiponso cimene Eklezia amaphunzitsa.

M'caka ca 2023, pa Yunivesite ya Texas mu mzinda wa Austin ku America, Jerry Tang ndi Alexander Huth pamodzi ndi anzao adagoneka anthu 3 m'makina ochedwa fMRI, amene amaona mmene magazi akuyendera m'ubongo. Aliyense adamvera nkhani kwa maola 16, kompyuta ili kuphunzira kuti mau akuti amagwedeza mbali yakuti ya ubongo. Pambuyo pake munthuyo akamva nkhani yatsopano, ngakhale kungoiganiza camumtima, kompyuta inkalemba thunthu la nkhaniyo. Mau eni ake inkaphonya kawirikawiri, koma tanthauzo inkaligwira. Komabe kompyuta imene idaphunzira ubongo wa munthu mmodzi sinkatha kuwerenga wa wina, ndipo munthu akafuna kuisokoneza ankangochula maina a nyama mumtima, basi nchito yaonongeka. Citseko cidali cikali m'manja mwa mwini nyumba. Akatswiriwo eni ake adacenjeza kuti mtsogolo zingathe kusintha.

Asaganize wina kuti nzeru zotere nzocokera kwa Satana. M'caka comweco ku San Francisco, dokotala Edward Chang ndi anzake adathandiza mai wina amene adakhala zaka 18 osalankhula cifukwa ca matenda ofa ziwalo. Adaika tizitsulo 253 pamwamba pa ubongo wake, ndipo mau amene iye ankayesa kunena ankaturukira pa makina, pafupifupi mau 78 pa mphindi imodzi. Ambuye Yezu, amene adamasula lilime la munthu uja wa ku Dekapoli, sangadane ndi nchito yotere. Mai ameneyu adafuna yekha kulankhula. Madokotala adangomtsekulira khomo limene matenda adatseka.

Nkhani ya ku India ndi ina. M'caka ca 2008 mu mzinda wa Pune, mkazi wina adamzenga mlandu wakuti adapha ndi ciphe mwamuna amene kale adali bwenzi lake. Adambveka cipewa ca mawaya kumutu, namuwerengera mau ofotokoza za kuphako. Iye sadayankhe kanthu, koma akatswiri adanena kuti ubongo wake waonetsa kuti akukumbukira. Woweruza adalandira zimenezi pamodzi ndi maumboni ena, namlamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pambuyo pake bwalo lalikulu la ku Bombay lidamturutsa pa belo, ndipo m'caka ca 2010 bwalo lalikulu koposa la dzikolo lidagamula kuti munthu asakakamizidwe kuyesedwa motero.

Wowerenga wacikulire akamva izi akumbukira mwabvi, umene Boma lidaletsa m'dziko muno m'caka ca 1911. Pa mwabvi munthu sankadzinenera yekha. Mimba yake ndiyo inkamnenera, kusanza kapena kufa, ndipo mapondera ndiye ankamasulira. Ambiri osalakwa ankamwa ndi mtima wonse, pokhulupirira kuti mwabvi sunama, nafa. Zoona, makina a lero amayesa cinthu ceniceni, si khungwa la mtengo ai. Koma ubongo umatekeseka pa zifukwa zambiri, mantha, cisoni, ngakhale nkhani imene munthu adangoimva kwa ena, ndipo womasulira akali munthu amene angathe kulakwa.

Komatu funso lalikulu lili patsogolo. Nanga tsiku lina makinawo akadzaleka kulakwa, kodi pamenepo kudzakhala kololedwa kulowa mumtima mwa munthu iye asakufuna? Papa Pius XII adayankha kale, makina awa asanapangidwe. Pa 10 April 1958, polankhula ku Roma kwa akatswiri a za maganizo a munthu, adachula mankhwala oululitsa zinsinsi ndiponso makina ogwira bodza, naphunzitsa kuti monga nkosaloledwa kutenga cuma ca mwini kapena kubvulaza thupi lake, momwemonso nkosaloledwa kulowa m'kati mwa mzimu wake iye asanalole, ngakhale njira yake ikhale yotani. Adaonjeza kuti kulolako kukhale kwaufulu. Ndipo apa mpofunika kupenyetsetsa: wandende amene amuuza kuti akakana saturuka, kapena mnyamata wanjala amene amuuza kuti akakana salembedwa nchito, angathe kudinda cala pa kalata, koma mtima wake sunalole.

Eklezia sadaphunzire izi m'mabuku okha. Amazicita Loweruka lirilonse m'kanyumba ka kulapa. Mulungu amadziwa macimo onse a munthu asanagwade, komabe wansembe amamva zokhazo zimene wolapa wanena ndi pakamwa pake, ndipo zimene wamva sangaziturutse kwa mfumu, kwa woweruza, ngakhale kwa Ambuye Episkopi. Msonkhano wacinai wa ku Lateran udalemba lamulo limeneli m'caka ca 1215. Mbiri ya Akristu imasimba kuti Yohane Woyera wa ku Nepomuk, amene adamponya mu mtsinje wa Vltava ku Prague m'caka ca 1393, adafera kukana kuululira mfumu Wenceslaus IV zimene mfumukazi idalapa. Malamulo a Eklezia amaletsanso mkulu wa cipani ca amonke kapena asisteri kuumiriza omvera ake kuti amuululire za mumtima mwao. Ngati Eklezia amamanga manja a ansembe ake comweci, ngakhale colinga cao ndi cipulumutso ca mzimu, nanga wapolisi, bwana wa nchito kapena wamalonda angapatsidwe bwanji mfungulo imene wansembe alibe?

Palinso ena amene safuna kudziwa za dzulo, koma za mawa. M'caka ca 2013 Kent Kiehl ndi anzake adafalitsa zimene adapeza atayesa ubongo wa andende 96 ku New Mexico. Amuna amene mbali ina ya ubongo wao, yothandiza munthu kudzigwira, inkagwira nchito mofooka, adamangidwanso m'zaka 4 zotsatira mocuruka pafupifupi kawiri kuposa anzao. Nzeru imeneyi ingathandize ngati ionetsa amene asowa cithandizo coposa poturuka. Koma ciwerengeroco cikunena za gulu, ndipo ena a m'gulu lomwelo sadamangidwenso. Woweruza amene angasunge munthu m'ndende cifukwa ca cithunzi ca ubongo wake, akumlanga pa mlandu umene sunacitike.

Mwana aliyense wa katekisimu amadziwa kuti cinyengo si chimo. Kuti chimo likhale lalikulu pafunika zitatu: cinthu cacikulu, kudziwa bwino, ndi kubvomera ndi mtima wonse. Makina angathe kuona kufooka kumene munthu adabadwa nako, kapena cilakolako cikamayaka ngati moto wa lupsa. Koma mphindi imene munthu amati ai, atagwira korona m'thumba, caulere ca Mulungu cikumcirikiza, siinalembedwe pa cithunzi cimene adajambula caka catha. Akristu ambiri okalamba amene amakhala pa mpando wakutsogolo m'chalichi adali oopsa pa unyamata wao, ndipo mudzi wonse udaneneratu kuti adzafera m'ndende.

Mmodzi yekha ndiye adaneneratu za munthu popanda kuphonya. Pa Mgonero wotsiriza Ambuye Yezu adauza Petulo kuti adzamkana katatu tambala asanalire, ndipo zidacitikadi. Koma atadziwa zimenezi sadamcotse pa cakudya, sadamlande mfungulo zimene adamlonjeza. Adamuuza kuti wampempherera, ndi kuti akadzabwerera alimbikitse abale ake. Atauka kwa akufa adamupeza m'mbali mwa nyanja ya Tiberiasi, namfunsa katatu ngati amamkonda. Petulo adamva cisoni pa funso lacitatu, nakumbutsa Ambuye kuti Iwo amadziwa zonse. Ankadziwadi, komabe adadikira kuti yankho lituruke pakamwa pa Petulo mwini wake, ndipo atalimva, adampatsa nkhosa zao kuti aziwete.